Kodi mumadziwa?

• Chipatala cha Zomba Mental chinayambira kundende. Mu 1910 boma la atsamunda linapatula mbali ina ya ndende yaikulu ya Zomba kuti lizisungirako odwala matenda a maganizo. Chipatala chenicheni chinatsegulidwa mu 1953.

• Wodwala maganizo ali ndi ufulu ngati wodwala wina aliyense: kuuzidwa mankhwala amene akumwa ndi zovuta zake, kusungiridwa chinsinsi, komanso kuitanidwa ndi dzina lake, osati "wamisala uja".

• Nkhawa imamvekanso m'thupi: mtima kugunda ngati ng'oma, m'manja thukuta lokhalokha, usiku wonse kungogubuduka pamphasa. Anamwino amalangiza kukoka mpweya pang'onopang'ono, kuutulutsa mosathamanga, ndi kuuzako munthu amene mumam'khulupirira. Zikapitirira, pitani kuchipatala. Paja mutu umodzi susenza denga.