Kufunafuna Atate Amene Anatsala ku Nkhondo

Chaka ndi chaka, pa Sabata lachiwiri la mwezi wa Novembala, anthu amasonkhana pa chipilala chokumbukira asilikali pafupi ndi Capital Hill mu Lilongwe. Pakati pawo pamakhala nkhalamba zimene sizinaonepo nkhope ya atate awo, popeza iwo anapita ku nkhondo ya 1939 mpaka 1945 ana ali m'mimba, osabwereranso.

Asilikali a Keyala ochokera m'dziko muno anamenya nkhondo ku Somaliland m'chaka cha 1940, ku Madagascar mu 1942, ndi ku Burma mu 1944. Tsono wofuna kudziwa kumene atate ake anagona ayenera kuyamba wapeza chinthu chimodzi: nambala yawo ya usilikali. Dzina lokha limasokeretsa, pakuti akalaliki ankalemba monga anamvera, ndipo anyamata ena ankalembetsa maina achilendo. Nambala ndiyo sinkasintha.

Kufufuzako kumayambira pakhomo, m'sutikesi ya agogo, momwe mungapezeke kalata yakale kapena mendulo. Mendulo za nkhondo ya 1914 zinadindidwa dzina ndi nambala, koma za nkhondo yachiwiri zinaperekedwa zopanda dzina, kotero kalata ndiyo yofunika koposa. Pambuyo pake nkofunika kufunsa kumudzi dzina la nyakwawa ya nthawi imeneyo, chifukwa msilikali ankalembedwa pamodzi ndi mudzi, mfumu ndi boma lake.

Atadziwa zimenezi, wofufuza angathe kupita ku National Archives ku Zomba, imene inatsegulidwa mu 1947. Akumbukire kuti moto wa 1919 unapsereza makalata ambiri a Boma, motero mbiri ya nkhondo yoyamba njoperewera. Bungwe la Commonwealth War Graves Commission nalo linaika maina a akufa pa intaneti. Amene anafera ku Burma osapezeka mitembo yawo analembedwa pa chipilala cha Rangoon, kumanda a Taukkyan.

Komabe si onse adzapeza chimene afuna. Mu 2021 bungwelo linavomera kuti anthu osachepera 116,000 a nkhondo yoyamba, makamaka Aafirika, sanakumbukiridwe ndi maina awo.

Aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'Boma, odziwa kulemba makalata ndi kuwerenga kaundula, ndiwo angathandize nkhalambazi. Ntchitoyi njofunika changu, pakuti okumbukira dzina la nyakwawa ndi chaka chimene mnyamata anachoka pamudzi akutha mmodzimmodzi.