Bagamoyo ndi Dar es Salaam: Ulendo wa Kugombe la Nyanja

Pamene David Livingstone anamwalira kwa Mfumu Chitambo m'caka ca 1873, anyamata ace, motsogozedwa ndi Susi ndi Chuma, anakwirira mtima wace pansi pa mtengo nanyamula mtembo kunka kum'mawa. Anayenda pansi miyezi 9 kufikira anatulukira ku Bagamoyo, pagombe la nyanja ya mcere m'dziko la Tanzania, mu February 1874.

Mlimi amene wagulitsa dzinthu zace nafuna kuona malowo sadzabvutika cotero. Njanji ya TAZARA, imene inatha kumangidwa mu 1975 ndi cithandizo ca dziko la China, icokera ku Kapiri Mposhi kukafika ku Dar es Salaam, mtunda wa makilomita 1,860. Wapaulendo ayenera kukhala ndi pasipoti, ndipo ndi nzeru kuyamba wafunsa pa siteshoni masiku a sitima. Kulinso mabasi odzera ku Nakonde ndi Tunduma.

Dar es Salaam ndiwo mzinda waukulu wa kugombeko, ngakhale likulu la boma liri ku Dodoma. Mlendo akaone doko la zombo kumene katundu wambiri wa Zambia atsikira, msika wa nsomba wa Kivukoni, ndi msika wa Kariakoo. Dzina limeneli linacokera ku gulu la amtengatenga a pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918.

Kucoka mumzindamo, basi itenga maola owerengeka kukafika ku Bagamoyo. Kumeneko ndiko kunkathera njira ya amalonda a minyanga ya njobvu ndi akapolo ocokera m'maiko a m'kati. Ambiri mwa akapolowo anaolotsedwa kunka ku Zanzibar, osaonanso kwao. Pa mishoni ya Akatolika, yoyambidwa mu 1868, pali nsanja ya chalichi cakale m'mene anagoneka mtembo wa Livingstone, ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale. Pafupi pomwepo, ku Kaole, kuli mabwinja a mizikiti ndi manda akalekale.

Nyengo yabwino ndiyo ya June mpaka September, pakuti mvula yaikuru ya March mpaka May imakhala itatha ndipo kutentha kumacepa. Anthu a kugombe alankhula Ciswahili, ndipo ambiri ndi Asilamu. Cotero mlendo abvale modzilemekeza, ayambe ndi moni asanafunse njira, ndipo asajambule munthu osapempha.