Zimbale zojambula panyumba sizikhala mpaka kalekale

Mabanja ambiri muno m'Zambia akali ndi katoni yodzala ndi ma CD amene anajambulidwa pa kompyuta m'zaka za m'ma 2000. M'menemo muli nyimbo za kalindula, nyimbo za kwaya ya kumpingo, maulaliki ndiponso zithunzi za ukwati. Eni ake akhulupirira kuti zonsezi zinasungika bwino. Koma ambiri amene ayesa kuliza zimbalezi masiku ano apeza kuti zina zidumpha-dumpha, ndipo zina zingoti zii.

Cifukwa cake cili m'kapangidwe. CD yogula m'sitolo, imene makampani a Sony ndi Philips anabweretsa mu 1982, imadindidwa kufakitale. Nyimbo zimakhala m'timaenje ting'onoting'ono tosindikizidwa m'pulasitiki yeniyeniyo.

CD-R yojambula panyumba ndi yosiyana. M'kati mwake muli utoto wopyapyala, ndipo kuwala kwa laser kumatentha utotowo ndi kusiya timadontho timene makina amawerenga. Utoto umenewu umazirala ndi dzuwa monga momwe citenje cimacitira cikakhalitsa pa cingwe. Kutentha kwa mwezi wa October ndi cinyontho ca m'dzinja zimafulumizitsa kuonongekako. Cimbale cosiyidwa pa windo kapena kutsogolo m'galimoto cingafe msanga kwambiri.

Anthu ambiri amasamala mbali yonyezimira yapansi, koma mbali yapamwamba yolembapo dzina ndiyo yosalimba. Nyimbo zili pafupi kwambiri ndi mbali imeneyi. Kulembapo ndi bolopeni, kapena kumatapo pepala ndi kulimatula, kungacotse nyimbo kotheratu.

Bungwe la Canadian Conservation Institute, loona za kasungidwe ka zinthu zakale m'dziko la Canada, linaonetsa kuti CD-R yabwino kopambana, yokhala ndi golide m'kati, ingapitirire zaka 100 ikasungidwa bwino, pamene DVD-RW ingakhale zaka 5 kufika 10 cabe. Zimbale zochipa zimene ambiri anali kugula m'misika sizinali za golide. Bvuto lina ndi lakuti makompyuta ambiri atsopano alibe ndi polowetsa pomwe CD.

Dziko lathu lidziwa kale kuwawa kwa kutaya nyimbo. M'zaka za m'ma 1970, magulu a Zamrock monga WITCH, Amanaz, Musi-O-Tunya ndi Ngozi Family anatulutsa zimbale zambiri, zina kupyolera mu Zambia Music Parlour ndi kampani ya Teal ku Ndola. Pamene cuma ca dziko cinagwa ndipo malonda a zimbale anatha, matepi oyambirira ambiri anasowa. Kampani ya Now-Again ya ku America itayamba kutulutsanso nyimbozi, zina zinacita kutengedwa pa zimbale zakale zimene anthu anasunga. A Rikki Ililonga anali atasunga matepi ao, ndipo nyimbo zao zinatulukanso mu 2010.

Citsanzo cina ndi ca a Hugh Tracey, amene anajambula nyimbo za makolo m'maiko ambiri a mu Africa, kuphatikizapo lathu lino, ndi kukhazikitsa International Library of African Music mu 1954. Nyimbozo zikali kumveka cifukwa zinasamutsidwa kucoka pa matepi ndi kuikidwa m'makompyuta ku Rhodes University ku South Africa.

Cimene cisunga nyimbo si cimbale ai, koma kuzisamutsa nthawi ikalipo. Munthu aliyense angacite zimenezi panyumba.

Coyamba, sankhani zimbale zimene sizingapezekenso kwina, monga za kwaya yanu kapena za woimba wa kumudzi kwanu. Yambani ndi zimenezo.

Caciwiri, pukutani cimbale ndi nsalu yofewa kucokera pakati kupita kumphepete, osati mozungulira. Ngati kompyuta yanu ilibe polowetsa, pali makina owerenga CD olumikiza pa USB.

Cacitatu, posamutsa sankhani WAV kapena FLAC, imene imasunga mau onse monga momwe analili. MP3 imacepetsa fayilo mwa kutaya mbali ina ya mau, ndipo zotayikazo sizibwereranso. CD yodzala ya mphindi 80 imatenga malo okwana pafupifupi 800 MB mu WAV, ndipo FLAC imacepetsako.

Cacinai, lembani dzina la woimba, la nyimbo ndi caka. Nyimbo yopanda dzina ndi yosowa kale.

Cacisanu, sungani makope atatu: ina pa kompyuta, ina pa hard disk yapadera, ndipo ina kutali ndi nyumba yanu, kwa mbale kapena pa intaneti. Musadalire flash kapena memory card ya mu foni yokha, pakuti nazonso zimafa mosacenjeza. Kamodzi pa caka tsegulani mafayilo ndi kumvetsera ngati akali kulira.

Zimbale zenizenizo musataye. Ziikeni m'makesi ao, coimirira, pamalo ozizira ndi amdima. Kumbukiraninso kuti kusunga sikutanthauza kugulitsa, cifukwa kugulitsa nyimbo za eni popanda cilolezo ndi mlandu.

Akulu anati linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Katoni ija isakunamizeni kuti mwadala. Itsegulani lero, mau a okondedwa anu akali kumveka.