Magazini Yofufuza Sayansi ya Zithunzi

Ku Britain kuli magazini ya akatswiri imene ine ndimaiona kuti ndi yapadera: ntchito yake ndi kufufuza zimene zimachitika kuwala kukalowa mu kamera. Bungwe la Royal Photographic Society linaiyambitsa mu 1953 n'kuitcha The Journal of Photographic Science.

Masiku amenewo nkhani yaikulu inali mankhwala. Pa filimu pamakhala timibulu ta mchere wa siliva. Kuwala kukatigunda timasintha mosaoneka ndi maso, ndipo chithunzi chimatuluka pokhapokha filimuyo ikaviikidwa m'mankhwala m'chipinda chamdima. Timibulu tikuluikulu timagwira kuwala msanga, koma chithunzi chake chimaoneka chamchengamchenga. Mutu wa akatswiri unkazungulira pamenepo.

Makamera opanda filimu atayamba kutchuka, mu 1997 dzina la magaziniyi linasintha kukhala The Imaging Science Journal. Pano muli kafukufuku wa zithunzi zakuchipatala, zamasetilaiti, ndi mmene kompyuta imawalitsira chithunzi chosaoneka bwino. Nkhani iliyonse imayamba yaunikidwa ndi akatswiri ena isanasindikizidwe, zomwe ine ndimayamikira kwambiri.

Ndikuuzeni zoona, masamu ake ndi owawitsa mutu. Koma inu amene mukuphunzira zojambula odwala kuchipatala, ifufuzeni pa intaneti.