Mpweya umene tinauzidwa kuti ndi woipa

Mlendo akalowa m'nyumba mwanga naona thanki yagalasi yodzala ndi zomera zobiriwira, m'mene tinsomba tikuyendayenda ngati mbalame m'nkhalango, sachedwa kuloza silinda yachitsulo imene yaima pansi pake ndi kundifunsa mwankhawa kuti, "Kodi bambo, mukuthiriranji mpweya woipa m'madzi mokhala zamoyo?" Funsoli sindilipeputsa, pakuti tonsefe tinaphunzira kusukulu kuti carbon dioxide ndi mpweya woipa, osauzidwa mokwanira kuti chimene mapapo athu amataya ndicho nsima ya chomera, ndi kuti pafupifupi theka la kulemera kwa tsamba louma ndi carbon yochokera mumpweya womwewo.

Chomera cha kumtunda chakudya chimachipeza pakhomo, mphepo ndiyo imabweretsa. Koma cha m'madzi chimakhala ngati mlendo wa m'chaka cha njala, popeza mpweyawu umalowerera m'madzi mochedwa kuwirikiza ka 10,000 poyerekeza ndi mumlengalenga. Tsono munthu woyatsa nyali zowala pamwamba pa thanki osawonjezera mpweya wafanana ndi mwini munda amene wadzutsa aganyu m'bandakucha koma osawaphikira: zomera zimalefuka, ndipo ndere, zimene zimakhuta ndi zochepa, zimalanda galasi ndi masamba omwe. Malemu Takashi Amano wa ku Niigata m'dziko la Japan, amene anamwalira mu 2015 atangomanga nkhalango ya m'madzi ya malita 160,000 ku Lisbon, anazindikira zimenezi pothira madzi a soda a m'botolo m'thanki mwake. Ife tonse a ntchitoyi tikuponda m'mapazi ake.

Zipangizo za ntchitoyi zimaopsa ndi mayina okha. M'silinda mpweya umakhala wamadzimadzi, wopanikizika pa mabar pafupifupi 60, ndipo regulator ndiye mlonda wapachipata amene amautsitsira pa mabar awiri kapena atatu. Ukadutsa pamenepo umapyola kavavu kosongoka ngati singano, nulowa m'kabotolo ka madzi momwe timawerengera timathovu, kenaka nutuluka m'thanki kudzera pa kambale ka dongo lowotcha kamene kamauphwanya kukhala ngati nkhungu ya m'mawa. Pakati pa njirayo musaiwale vavu yoletsa madzi kubwerera m'mbuyo, ndipo polumikiza paliponse pakani thovu la sopo, chifukwa pamene pakudontha mpweya thovulo limafufuma nkuulula. Muvi wa geji ya silinda usakunyengeni: sumasuntha kufikira madzimadzi onse atatha, kotero kuti wofuna kudziwa zotsala ayeze silindayo pa sikelo.

Usiku zomera sizidya mpweyawu, koma zimapuma monga ife, kulimbirana oxygen ndi nsomba. N'chifukwa chake timaika solenoid, vavu yamagetsi yoyendera wotchi, kuti izitsegula ola limodzi kapena awiri nyali zisanayake ndi kutseka zisanazime. Ndipo kuno kwathu, kumene magetsi amathima osatsanzika, ili ndi ubwino wina, woti imadzitseka yokha. Botolo la yisiti ndi shuga lopangira mpweyawu, limene ambiri amayambira chifukwa chotchipa, lilibe ulemu umenewu, limawira usana ndi usiku ngati mtsuko wa mowa.

Muyeso umene timaufuna ndi mamiligalamu pafupifupi 30 pa lita, ndipo mboni yake ndi kagalasi kotchedwa drop checker, kamene madzi ake amakhala a buluu mpweya ukachepa, obiriwira ukakwana, achikasu ukapyola. Koma mboniyi imalankhula mochedwa, imanena za maola awiri apitawo. Ine ndinaphunzira zimenezi ndi misozi, tsiku limene ndinaona buluu m'mawa, ndinapotokola vavu kawiri nkupita kuntchito, ndipo pobwera madzulo ndinapeza nsomba zanga zili kukamwa yasa pamwamba pa madzi, nkhono zikukwera galasi kuthawa, nsomba zisanu zitagona kale pamchenga. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero akuluakulu. Chiyambire tsikulo ndimakhudza vavu kamodzi kokha patsiku.

Oweta mbuna za m'nyanja yathu ya Malawi asataye ndalama zawo pa zimenezi, pakuti nsombazo zinalengedwera madzi a pH yoyandikira 8, pamene mpweyawu umaitsitsa, ndiponso Vallisneria wa m'nyanjamo amadzitapira yekha carbon mu bicarbonate ya m'madzi.

Koma inu amene mtima wanu uli pa munda wa m'madzi, ndikupemphani kuti silinda mukaitsegule tsiku limene muli pakhomo, muyambe ndi kathovu kamodzi pa masekondi awiri, mukhale pampando pafupi ndi galasi kufikira dzuwa litapendeka. Ndipo mukangoona nsomba ikupuma mwawefuwefu, tsekani vavu, vundulani madzi apamwamba, musadikire kuti kagalasi kasanduke kachikasu.