Usiku Umene Okwera Njinga Anakodwa mu Ukonde wa Apolisi

Amayi anzanga, njinga tonse tiidziwa. Ndiyo itinyamulira thumba la chimanga kupita kuchigayo, ndiyonso ithamangira ndi wodwala kuchipatala. Koma kodi munamvapo kuti anthu 264 anamangidwa usiku umodzi chifukwa chopalasa njinga pamodzi? Zimenezi zinachitika mumzinda wa New York, ku America, Lachisanu pa 27 Ogasiti 2004.

Nkhaniyi inayambira kutali. M'mwezi wa Sepitembala 1992, anthu osafika 100 a mumzinda wa San Francisco anapangana zobwerera kwawo pamodzi panjinga poweruka kuntchito. Dandaulo lawo linali lakuti wokwera njinga akakhala yekha, oyendetsa galimoto samuwerengera: amam'panikiza, mwinanso kum'gunda kumene. Koma akakhala gulu, galimoto imadikira. Ulendowu anautcha Critical Mass, ndipo unafalikira m'mizinda yambiri padziko lapansi. Amakumana Lachisanu lotsiriza la mwezi uliwonse. Alibe wapampando, alibe kaundula wa mamembala, ndipo njira imasankhidwa ndi amene ali patsogolo. Pofika pamphambano, ena amaima kutchinga magalimoto kuti gulu lisadukidwe pakati.

Ku New York ulendo wotere unakhala ukuchitika zaka zingapo popanda mkangano waukulu. Zinthu zinasintha chifukwa chipani cha Republican chinali pafupi kutsegula msonkhano wake waukulu mumzindawo, wosankhanso George W. Bush kuti aime pa upulezidenti. Ambiri otsutsa nkhondo ya ku Iraq anabwera ndi njinga zawo, kotero kuti anthu pafupifupi 5,000, amayi ndi abambo, ananyamuka pa Union Square madzulo a tsikulo, mabelu ali ngwengwengwe.

Taganizirani kuti muli pakati pa khamu limenelo. Mukupalasa mwachifatse, kutsogolo kwaima, ndipo mukacheuka muona apolisi atambasula ukonde wapulasitiki kutseka msewu. Kothawira kulibe. Amene anakodwa anamangidwa manja ndi zingwe zapulasitiki, njinga zawo n'kuponyedwa m'malole. Anawatengera ku Pier 57, chinyumba cha m'mbali mwa mtsinje wa Hudson chimene kale chinali garaja ya mabasi. M'menemo munali makola a waya, ndipo pansi panali mafuta akuda a injini. Pofika kumapeto a msonkhanowo, anthu oposa 1,800 anali atamangidwa m'zionetsero zosiyanasiyana, ena mwa iwo odutsa m'njira chabe.

Tisabise mbali ya apolisi. Iwo anati okwera njingawo anatseka misewu, anadutsa maloboti ofiira, ndipo analibe chilolezo chochitira ndawala. Oyendetsa galimoto ambiri anali ndi dandaulo lomwelo. Okwera njinga anayankha kuti nawonso ndi a paulendo monga wina aliyense, ndipo magalimoto akadzaza msewu m'mawa uliwonse palibe amene amawafunsa chilolezo.

Chimene chinapulumutsa omangidwawo ndicho ndifuna muchisunge. Maloya odzipereka a bungwe la National Lawyers Guild anatumiza anthu ovala zisoti zobiriwira, amene ntchito yawo inali kuima pambali ndi kulemba dzina la womangidwa aliyense, malo ndi nthawi. Enanso anajambula mavidiyo. Milandu itafika kubwalo, umboni umenewu unatsutsa zambiri zimene zinalembedwa m'mabuku a apolisi, ndipo unyinji wa milanduyo unathera m'malere. Ngakhalenso m'mwezi wa Julaye 2008, wapolisi wina atagwetsa wokwera njinga pa Times Square n'kunena kuti wanjingayo ndiye anam'gunda, vidiyo ya munthu woonerera ndiyo inaulula zoona. Wapolisiyo anapezeka wolakwa m'chaka cha 2010 chifukwa cholemba zabodza.

Chilungamo chinafika, koma mochedwa. M'chaka cha 2010 mzinda wa New York unavomera kulipira madola 965,000 kwa okwera njinga 83 amene anamangidwa kapena kulipiritsidwa pa maulendo otere. M'chaka cha 2014 unavomeranso madola pafupifupi 18 miliyoni pa milandu ya omangidwa nthawi ya msonkhano uja. Komabe mantha anali atagwira kale ntchito yake: ulendo umene unkasonkhanitsa anthu zikwi unatsala ndi anthu owerengeka.

Tsono ife a m'magulu a amayi titolapo chiyani? Choyamba, akulu sananame kuti chala chimodzi sichiswa nsabwe. Mayi mmodzi wodandaula za msewu woopsa pafupi ndi sukulu amabwezedwa pakhomo, koma amayi 50 amapatsidwa mpando. Chachiwiri, unyinji pawokha sukwanira. Gulu likamapita kukapereka dandaulo, lidziwe lamulo la dziko lake pa za misonkhano, ndipo ngati lamulo litero, lidziwitse akuluakulu nthawi isanakwane. Pakhale mlembi wosunga mayina a onse amene anyamuka, ndi wina wotsala kunyumba wodziwa kumene anzake apita ndi amene akuyang'anira ana awo. Pobwerera, werenganani. Ngati wina asowa, musamwazike mpaka mutadziwa kumene ali.