KUCOKERA KU LUNDAZI KUKAFIKA KU LUSAKA NDI ANA M'GALIMOTO

Mabanja ambiri a m'boma la Lundazi ali ndi abale ku Lusaka, ndipo pakagwa maliro kapena ukwati, bambo, mai ndi ana amauyamba ulendo wa makilomita pafupifupi 750. Kuno kum'mawa kulibe cipululu ca mcenga, koma amene anadutsapo m'cigwa ca Luangwa mwezi wa October adziwa kuti dzuwa la kumeneko silicitira cifundo mwana wakhanda.

Gawo loyamba, makilomita ngati 180 kudzera ku Lumezi kukafika ku Chipata, ndi dziko lozoloweleka: minda ya cimanga, fodya ndi nshawa. Pa Chipata ndi pamene galimoto ilowa mu mseu wa Great East, umene uli ndi mbiri yaitali. Mzindawu unali kuchedwa Fort Jameson, ndipo unali likulu la North-Eastern Rhodesia kufikira mu 1911. Masiku amenewo katundu wambiri anali kubwera kudzera ku Nyasaland, pakuti kumadzulo mapiri ndi mtsinje wa Luangwa zinatseka njira. Ulalo woyamba pa mtsinjewo unamangidwa mu 1932 ndi ndalama za Beit Trust. Ulalo waukulu wolenjekeka pa zingwe zacitsulo unatsegulidwa mu 1968, patapita zaka zinai dziko litalandira ufulu.

Katete, Sinda ndi mphambano ya ku Petauke zimapita msanga. Pa Nyimba m'pofunika kuima, osati cifukwa ca nthoci zokha, ngakhale kuti nthoci za pamenepo n'zosayenera kuzipitirira. Apa ndi pamene bambo wanzeru amadzaza mafuta m'galimoto, kuyang'ana matayala ndi mabuleki, ndi kutunga madzi m'zigubu, ena akumwa, ena a injini.

Kupitirira Kacholola mseu uyamba kutsika mokhotakhota. Midzi italikirana, mitengo imakhala itayoyola masamba onse m'cilimwe, ndipo milambe ingoti njo pa dothi louma. Mphepo yolowa pa zenera imatentha ngati ya pa ng'anjo, pakuti m'cigwamo kutentha nthawi zina kumapitirira madigiri 40. Galimoto ikafera pamenepa, thandizo liri kutali. Akulu angapirire, koma mwana wamng'ono amafooka msanga. Mai akaona kuti mwana wauma milomo, maso alowa m'kati ndipo sakukodza, amumwetse madzi pang'onopang'ono kapena amuyamwitse kawirikawiri, osadikira kuti alire.

Pa ulalo ndi pamene pathera cigawo ca Kum'mawa, ndipo malire a Mozambique ali pafupi ndithu. Kutsidya kuli msika wa nsomba zouma, madengu ndi mphasa, kumene mtengo woyamba kuutchula suli wotsiriza. Ana ayenera kugwiridwa dzanja, cifukwa malole a katundu amadutsa pakati pa msikawo.

Cikwera ca ku Manenekela, ca kufupi ndi Rufunsa, ndico coopsa koposa. Ngozi zambiri zacitikapo, ndipo ife tiona kuti dalaivala amene wacoka ku Lundazi mbandakuca sayenera kukwera mapiri amenewa usiku ali ndi tulo m'maso. N'kwabwino kugona pa Chipata kapena pa Petauke, kulawira m'mamawa, ndi kuoloka Luangwa dzuwa lisanafike paliombo. Akatero, banja lifika pa Chongwe kukali koyera, ndipo kucokera pamenepo Lusaka ali pa makilomita osakwana 50.